Jambulani Mwana Monga Alili

Ngati muli ndi foni yojambula, itseguleni muone zithunzi za ana zimene mwasunga. Mupeza kuti zambiri ndi za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa ana oimikidwa pamzere, manja ali m'mbali ngati asilikali pa perete, maso atatsinzina ndi dzuwa, nkhope zili gwa chifukwa wamkulu wina wakuwa kuti, "Imani bwino, osagwedera!" Mtundu wachiwiri ndi wa mwana amene wasankhidwa dala pakati pa anzake chifukwa malaya ake ndi ong'ambika kapena tsitsi lafiira, kuti lipoti lopita kwa opereka thandizo likhale ndi chithunzi chomvetsa chisoni. Mayi wa mwanayo ataona chithunzi chotere anganene kuti, "Nkhope ndi yakedi, koma mwana wanga sakhala chonchi."

Masiku ano pafupifupi aliyense wogwira ntchito ndi ana wasanduka wojambula. Mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala amauzidwa kuti atumize zithunzi zosonyeza kuti phala lafika. Mlangizi wa zaumoyo amajambula pa sikelo. Mphunzitsi amajambula kalasi yake, wachinyamata wa m'parishi amajambula tsiku la masewero, ndipo wogwira ntchito zachitukuko sangatseke lipoti lopanda zithunzi. Foni tili nazo, koma ndi ochepa amene adakhalapo pansi n'kuphunzira kujambula mwana mwaulemu, mwana ali pa zochita zake, osamuimika ngati chipilala kapena kumuchititsa manyazi.

Luso limeneli limaphunzirika, ndipo limaphunzirika bwino anthu akakhala pagulu. Nkhani ino ikufotokoza mmene gulu laling'ono la anthu a m'chigwa cha Domasi, kapena la kwanuko, lingaphunzirire limodzi kujambula ana monga alili, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi foni zomwe ali nazo kale.

Domasi, chigwa chozolowera kuphunzira

Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera m'mapiriwa, n'kudutsa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, kenaka n'kukathira m'nyanja ya Chilwa utathirira minda ya mpunga ya kumunsi. Kuphunzira pagulu si kwachilendo kuno. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mishoni ya Church of Scotland ya ku Blantyre adatsegula siteshoni ya Domasi. Mu 1929 kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo: amuna ankaphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi, akazi ankaphunzira zaukhondo ndi kasamalidwe ka ana. Lero ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, kumene kumakonzedwa masilabasi ndi mabuku a ana a sukulu m'dziko lonse lino, komanso Domasi College of Education imene imaphunzitsa aphunzitsi a sekondale.

Mishoni ya Blantyre yomweyo ndi imene idalera Mungo Murray Chisuse, amene olemba mbiri amamutchula ngati Mmalawi woyamba kudziwika pa ntchito yojambula zithunzi. Iye ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoniyo, ndipo kumayambiriro a zaka za m'ma 1900 ankajambula anthu ku Blantyre. Zina mwa zithunzi za John Chilembwe zimene timazidziwa lero adajambula ndi iyeyo. Mukaziyang'ana muona anthu ataima kapena kukhala nji, chifukwa kamera za nthawi imeneyo zinkafuna kuti munthu akhale chete kwa kanthawi, apo ayi chithunzi chinkatuluka chosaoneka bwino. Chizolowezi chouza ana kuti "osagwedera" tidachitengera kumeneko, ngakhale kuti foni ya lero imajambula m'kuphethira kwa diso.

Koma m'zithunzi zakalezo muli chinthu china chimene sitiyenera kuchitaya. Anthu ojambulidwawo ankasankha okha chovala, ankasankha kaimidwe, ndipo ankadziwa kumene chithunzi chikupita. Chilembwe adavala suti chifukwa ankafuna kuti dziko limuone choncho. Mwana wa pa mkombaphala sangasankhe zonsezi payekha. N'chifukwa chake udindo wonse umagwera inu amene mwagwira foni.

Chithunzi chimamanga, chithunzi chimapasula

Chithunzi cha mwana chingathe kusintha zinthu. Kuyambira mu 1908 Lewis Hine, yemwe poyamba adali mphunzitsi, adayendayenda m'dziko la America kujambula ana ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi m'migodi ya malasha. Zithunzi zake zidathandiza kuti anthu aipidwe ndi mchitidwe wolemba ana ntchito, ndipo mu 1938 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loletsa zambiri mwa ntchito zoterezi. Ana a m'zithunzi za Hine ndi otopa ndi akuda ndi fumbi, komabe amakuyang'anani m'maso ngati anthu, ndipo mumamva kuti wolakwa ndi wowalemba ntchitoyo.

Chithunzi chingathenso kuvulaza. Mu 2017 bungwe la Save the Children lidatulutsa lipoti lotchedwa The People in the Pictures, litafunsa anthu a ku Niger, Bangladesh, Jordan ndi Britain amene adajambulidwapo ndi bungwelo. Ambiri adanena kuti amafuna kufunsidwa maganizo awo, kudziwa kumene zithunzi zikupita, ndi kuonetsedwa pa moyo wawo wonse, osati pa mavuto okhaokha. Ganizirani mwana wa zaka 4 amene adajambulidwa atanyentchera. Walandira chiponde, wachira, wakula, ali ku sekondale, koma chithunzi chija chikadali pa intaneti ndi dzina lake pansi pake. Anzake akachipeza, amene avutike ndi iyeyo, pamene wojambula uja adaiwala kalekale.

Kuno kwathu pali chiopsezo china chimene tonse tikuchidziwa. Kuyambira kumapeto kwa 2014 anthu achialubino, ambiri mwa iwo ana, akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, ndipo boma la Machinga, loyandikana ndi Domasi, ndi limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Chithunzi cha mwana wachialubino ataima pa chikwangwani cha sukulu yake, chitaikidwa pa Facebook ndi mtima wabwino, chimauza munthu wachiwembu kumene mwanayo amapezeka m'mawa uliwonse. Chimodzimodzi mwana amene ali m'gulu la achinyamata omwa mankhwala otalikitsa moyo: chithunzi chimodzi cha pa msonkhano wawo chimaulula chinsinsi chimene banja lasunga zaka zambiri.

Ndiponso chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwerera. Mu June 2024 bungwe la Human Rights Watch lidapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil mu nkhokwe yaikulu ya zithunzi yotchedwa LAION-5B, imene imagwiritsidwa ntchito pophunzitsa mapulogalamu a kompyuta opanga zithunzi. Makolo a anawo sadafunsidwe. Zina mwa zithunzizo zidali ndi maina a ana ndi malo kumene adajambulidwira.

Yambani ndi kupempha

Gulu lanu lisanajambule mwana ndi mmodzi yemwe, likhale pansi ndi eni ana. Malamulo ali kumbali ya mwana. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, limanena mu ndime 16 kuti mwana ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo mu ndime 12 kuti maganizo ake amvedwe pa nkhani zomukhudza. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limaletsa kufalitsa dzina kapena chithunzi cha mwana amene nkhani yake ili m'bwalo la milandu ya ana. Mu 2024 kudabweranso lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo chithunzi cha nkhope ndi uthenga wotere.

Koma kumudzi chilolezo sichiyambira pa pepala. Yambani ndi komiti ya sukulu ya mkombaphala kapena mphunzitsi wamkulu, dziwitsani amfumu, kenaka itanani makolo. Lankhulani m'chiyankhulo chimene iwo amamasuka nacho. M'midzi yambiri ya ku Domasi zimenezi zikutanthauza kuti pakhale wina wofotokoza m'Chiyao. Auzeni zinthu zinayi momveka: amene adzajambule ndani, zithunzi zidzasungidwa ndi yani, zidzaonetsedwa kuti, ndipo kholo likasintha maganizo lidzauze ndani. Kusiyanitsa malo n'kofunika. Kholo lingavomere kuti chithunzi chipachikidwe m'kalasi koma n'kukana kuti chipite pa WhatsApp, ndipo limeneli ndi yankho loyenera kulemekezedwa.

Nenani poyera kuti wokana sachotsedwa pa mndandanda wa phala, wa mbewu kapena wa thandizo lina lililonse. Anthu ambiri amavomera kujambulidwa chifukwa choopa kukhumudwitsa "abwana a bungwe", ndipo kuvomera kwa mantha sichilolezo. Akatha kuvomera makolo, mfunseninso mwanayo pa msinkhu wake: "Ndikujambule ukusewera?" Akabisa nkhope m'chitenje cha mlezi kapena akatembenuka, wayankha kale. Musiyeni.

Gulu ligwirizanenso malire amene sadzawoloka. Osajambula mwana wosavala, kaya akusamba mu mtsinje wa Domasi kaya ali pa sikelo. Osajambula mwana akulira, akudwala kapena wadzionongera. Osatengera mwana payekha kuseri kwa nyumba ati kukafuna kuwala kwabwino. Nthawi zonse pakhale akuluakulu awiri ndiponso ana ena akuona. Ngati pa nthawi yojambula mwaona zizindikiro za nkhanza pa thupi la mwana, imeneyo si nkhani ya kamera. Dziwitsani woona za chitetezo cha ana wa m'dera lanu, apolisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba konkuno.

Chifukwa chiyani pagulu?

Mutu umodzi susenza denga. Munthu akamaphunzira yekha, amajambula zithunzi makumi asanu n'kuziona zonse zabwino, chifukwa palibe womuuza kuti mwanayo akuoneka wamantha, kapena kuti kumbuyo kwake kukuoneka chimbudzi. Pagulu maso amachuluka. Pagulu pamakhalanso chitetezo, popeza aliyense amaona zimene mnzake akuchita ndi ana.

Njira yophunzirira pamodzi ndi zithunzi ili ndi mbiri yake. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 Caroline Wang ndi Mary Ann Burris adapereka kamera kwa amayi a kumidzi ya m'chigawo cha Yunnan ku China kuti ajambule moyo wawo, kenaka n'kumakambirana zithunzizo pagulu ndi kuzionetsa kwa atsogoleri. Njirayi idatchedwa photovoice, ndipo lero imagwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'maiko ambiri. Mphamvu yake idali pa kukambirana kumene kunkachitika zithunzi zitajambulidwa.

Gulu labwino likhale la anthu 6 kapena 8, ndipo foni ziwiri kapena zitatu zikwanira. Pa msonkhano woyamba pasakhale mwana aliyense. Jambulanani nokhanokha. Wina akhale pansi, wina amujambule ataimirira pamwamba pake. Kenaka amujambulenso atagwada kuti maso alingane. Onani kusiyana kwake. Wina aimikidwe padzuwa la masana n'kuuzidwa kuti aseke. Amene wajambulidwayo afotokoze mmene wamvera. Akuluakulu ambiri amadabwa kuona manyazi amene amawagwira foni zitatu zikawaloza nthawi imodzi. Wamva manyazi amenewo sadzaunjikiranso mwana wa zaka zitatu.

Pa tsiku lopita kwa ana, gawanani ntchito. Ojambula akhale awiri okha pa nthawi imodzi. Wachitatu agwire nsalu yobwezera kuwala, wachinayi akhale ndi mndandanda wa ana amene makolo awo adakana, ndipo otsalawo athandize mlezi pa masewero kapena angokhala pambali kuonerera. Pakapita mphindi 15 sinthanani. Osasintha ndondomeko ya tsikulo chifukwa cha inu: ngati ndi nthawi ya nyimbo, ikhale ya nyimbo, ngati ndi ya phala, ana adye phala lawo lisanazizire.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mukangotulutsa foni, ana adzakuthamangirani. Adzakankhana, adzaimika zala ziwiri, adzakuwa kuti, "Ndijambuleni! Inenso!" Musawakalipire. Ajambuleni pagulu kawiri katatu, aonetseni, asekerere. Ikatha nthawi pang'ono chidwi chimazirala ndipo amabwerera ku zoseweretsa zawo. Ntchito yanu imayambira pamenepo.

Khalani pansi kapena gwadani kuti foni ilingane ndi maso a mwana. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba chimachititsa mwana kuoneka wamng'ono ndi wopempha, mutu waukulu, maso akuyang'ana m'mwamba. Chojambulidwa pa msinkhu wake chimamuonetsa ngati munthu amene mukucheza naye. Kusintha kumeneku kokha kumakonza theka la zithunzi zathu.

Musamuuze mwana kuti aseke, ndipo musagule kumwetulira ndi switi. Mpatseni mpata achite zimene amakonda: kuwumba ng'ombe zadothi, kuyendetsa galimoto yamawaya, kuwerenga timiyala, kusewera phada, kuthamangitsa mpira wachikulunga. Yang'anani manja ndi maso ake. Dikirani nthawi imene wakweza mutu kuti aonetse mnzake chimene wawumba, kapena pamene waluma mlomo poyesetsa kulemba chilembo pamchenga. Jambulani kangapo motsatizana, chifukwa pa zithunzi zisanu chimodzi chokha ndicho chimagwira nthawiyo. Mwana wofatsa amene wakhala pakona akumvetsera nthano ali ndi nkhope yoyenera kujambulidwa monga wolongolola uja, musamuiwale. Mwana wolumala ajambulidwe ali pakati pa anzake, akuchita zimene onse akuchita.

Musanadine, yang'anani kumbuyo kwa mwanayo. Mtengo usaoneke ngati wamera pamutu pake. Chikwangwani cha sukulu, nambala ya nyumba kapena dzina lolembedwa pa kope zisalowe m'chithunzi. Khoma la njerwa zootcha, mpanda wa udzu, masamba a nthochi kapena phiri la Malosa patali ndi zokwanira. Pewani kukokera chithunzi pafupi ndi zala, chifukwa pa foni zambiri kutero kumachititsa chithunzi kuoneka chakhungu. Senderani nokha pang'onopang'ono. Ndipo pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa. Zithunzi zambiri zooneka ngati muli nkhungu zimayamba ndi thukuta la chala.

Kuwala kwa m'chigwa

Wojambula wotchuka wa ku Mali, Seydou Keïta, adatsegula malo ake ojambulira ku Bamako mu 1948, ndipo zithunzi zake zambiri adajambulira pabwalo la nyumba, ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu kumbuyo. Lero zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Paris ndi New York. Zipangizo zimene iye adali nazo, dzuwa, mthunzi ndi nsalu, zilipo pa sukulu ya mkombaphala iliyonse.

Chigwa cha Domasi chimatsegukira kum'mawa, kumene kuli nyanja ya Chilwa, ndipo mapiri ali chakumadzulo. Choncho dzuwa la m'mawa limalowa bwino, lofewa, pamene madzulo limabisala msanga kuseri kwa phiri kusiyana ndi kumadambo. Nthawi yabwino yojambula ndi kuyambira pamene ana akufika mpaka cha m'ma 9 koloko. Masana dzuwa likakhala paliwombo, maso amalowa mumthunzi wa zikope, chipumi chimanyezimira ndipo ana amatsinzina. Nthawi imeneyo thawirani mumthunzi.

Koma mthunzi nawo uli ndi mitundu. Pansi pa mtengo wa mango pamakhala timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba, ndipo timagwera pankhope ngati zipsera. Funani mthunzi wodzaza, monga wa pakhonde kapena wa m'mbali mwa khoma, ndipo mwana akhale chakumapeto kwa mthunziwo, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. M'kalasi, malo abwino ndi pafupi ndi khomo kapena windo, kuwala kukuchokera m'mbali. Mukajambula mwana windo lili kumbuyo kwake, mudzangopeza chithunzithunzi chakuda. Tsiku la mitambo, monga m'nyengo ya chiperoni, musadandaule: mitambo imafewetsa kuwala ndipo mungajambule pabwalo nthawi iliyonse. Fulashi muzimitse, imadzidzimutsa ana ndipo imaphwetsa nkhope.

Pali nkhani ya khungu lathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley, loyesera ngati mitundu yatuluka bwino, ndipo kwa zaka zambiri khungu lakuda silinkaganiziridwa. Kamera za lero zasintha, komabe foni ikaona khoma loyera kapena thambo lowala kumbuyo kwa mwana, imachepetsa kuwala ndipo nkhope imada bii. Mankhwala ake ndi osavuta: dinani pankhope ya mwanayo pa galasi la foni kuti iyese kuwala kuchokera pamenepo, kenaka kwezani kuwala pang'ono ngati pakufunika. Mnzanu atambasule chitenje choyera, pepala lalikulu lolembapo pa maphunziro, kapena thumba loyera la ufa kumbali ya mthunzi, ndipo muona maso a mwana akuwala.

Zimitsaninso kapulogalamu kokongoletsa nkhope kamene kamabwera m'foni zambiri. Kamasalaza khungu ndi kuliyeretsa. Mwana amene akukula akuona zithunzi zake zonse zitayeretsedwa amaphunzira mwakachetechete kuti khungu limene adabadwa nalo ndi loperewera, ndipo tikudziwa mmene mafuta oyeretsa khungu akuonongera achinyamata athu.

Kusankha, kufufuta ndi kubweza

Msonkhano wofunika kwambiri ndi wa pambuyo. Khalani mozungulira, aliyense asankhe zithunzi zitatu zokha, foni iziyenda m'manja. Pa chithunzi chilichonse funsani mafunso atatu. Kuwala kwachokera kuti, ndipo nkhope ikuoneka? Mwanayu akuchita chiyani, ndipo chithunzichi chikunena zoona za tsikulo? Akadakhala mwana wanga, ndikadalola kuti chionedwe ndi anthu osawadziwa? Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kudzudzulana kukhale kwa chithunzi, kopanda kunyozana, ndipo amene wajambula ayambe ndiye kunena chimene angakonze.

Kunena zoona kuli mbali ziwiri. Ngati denga la sukulu likudontha, lipoti lionetse denga lodonthalo. Ngati ana akukhala pansi chifukwa mulibe mipando, zionekere. Vuto lijambulidwe monga vuto la denga ndi mipando, ana ali pa maphunziro awo. Palibe chifukwa chovula mwana nsapato kapena kusankha wamamina kuti thandizo libwere. Ngati lipoti likufuna umboni wa kunyentchera, manambala a m'kabuku ka sikelo amanena zambiri kuposa nkhope, ndipo chithunzi cha dzanja la mlangizi likuyeza mkono wa mwana, nkhope osaoneka, chimakwanira.

Zithunzi zimene sizinasankhidwe zifufutidwe pamaso pa gulu, kuphatikizapo m'malo amene foni imasungira zofufutidwa. Zosankhidwazo zisungidwe ndi munthu mmodzi amene gulu lagwirizana, pa foni kapena kompyuta yokhala ndi nambala yachinsinsi. Zimitsani mbali ya kamera imene imalemba malo ojambulira m'chithunzi. Posindikiza, dzina lonse la mwana, mudzi ndi sukulu zisaonekere pamodzi. Kumbukirani kuti gulu la WhatsApp la anthu 40 ndi bwalo lapoyera, chifukwa aliyense mwa iwo angatumize chithunzicho kwina.

Chomaliza, bwezani zithunzi kwa eni ake. M'midzi yathu muli ana ambiri amene adajambulidwa ndi alendo kangapo konse koma kwawo mulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Sonkhani ndalama pang'ono, wina akapita ku Zomba akatsukitse, ndipo pa msonkhano wa makolo banja lililonse lilandire chake. Funsani makolo chimene achikonda ndi chimene sadakondwe nacho. Mayankho awo ndi phunziro lotsatira la gulu lanu. Ana okulirapo, a zaka 8 kapena 10, apatseni foni kwa mphindi zochepa, wamkulu ali pambali, ajambule mnzawo atamupempha. Potero amaphunzira adakali aang'ono kuti munthu amafunsidwa asanajambulidwe, ndipo m'mera mpoyamba.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya sukulu, wa limana kapena wa gulu la achinyamata, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Pezani anthu asanu ndi mmodzi ofuna kuphunzira, sankhani tsiku loyamba lojambulana nokhanokha, ndipo lembani pa pepala limodzi malire amene mwagwirizana. Pepalalo lipachikidwe pakhomo la kalasi, kuti mlendo aliyense wobwera ndi kamera, kaya wachokera ku Zomba, ku Lilongwe kapena kutsidya la nyanja, aliwerenge asanatulutse kamerayo m'chikwama.